Ampu ya bass ikutsika mawu yokha pakati pa nyimbo, komanso ikung'ung'uza

Nsambo4
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimaimba bass mu praise team ya kutchalitchi kwathu, ndiye ampu yathu yayamba khalidwe lachilendo. Ndi combo (ampu ndi sipika m'bokosi limodzi) ya transistor ya 200W, sipika imodzi ya 15 inch, tinaigula kwa munthu. Tikamayamba imamveka bwinobwino, koma mwadzidzidzi mawu amatsika mwina kufika theka. Nthawi zina imayamba yathetheka kaye kenako n'kutsika. Ndikakoka nsambo mwamphamvu, kapena kuimenya khofi pamwamba, mawu amabwerera. Kupatula apo pali kaphokoso ka mmmm kosalekeza ngakhale ndisakuimba. Akomiti akuti tigule sipika yatsopano chifukwa wina wawauza kuti yapsa. Ine mtima ukukana. Ndiyambire pati?

Dhilu
Sipika yakupsa siichira ndi khofi. Auzeni akomiti asunge kaye ndalamazo.

KaDrummer
Muzingoimenya basi aise, ndiye chilankhulo chomwe ikumva 😂

Tiyeseko
Musanaloze chala ampu, bass yanuyo ndi ya active kapena passive? Ngati kumbuyo kwake kuli kachitseko ka batire ya 9V, yambirani pamenepo. Batire ikamatha mawu amafooka n'kumasasa, makamaka pa nsambo ya E. Ndipo ambiri sadziwa kuti pa bass ya active, kebulo ikangokhala yolumikiza batire imakhala ikudyeka, ngakhale chidacho chili pa stand sabata yonse.

Nsambo4
Ndi ya passive achimwene, yopangidwa motengera Jazz Bass, mapickup (tizipangizo totola mawu a nsambo) awiri, mavoliyumu awiri ndi tone imodzi. Batire mulibe. Kebulo ndinabwereka ya woimba lead, vuto silinasinthe.

Mmisiri_Mchesi
A Nsambo4, choyamba musaganize kuti vuto ndi limodzi. Kutsika kwa mawu ndi kung'ung'uza nthawi zambiri zimachokera kosiyana, zimangopezeka tsiku limodzi. Tiyambe ndi kutsikako.

Mfundo yoti imachira mukaimenya ikutiuza kuti penapake zitsulo ziwiri sizikugundana bwino. Transistor kapena IC yakufa siidzuka ndi khofi. Tsono zili ngati paipi yotsekeka: umamasula pakati n'kuona ngati madzi akufika pamenepo, kenako umadziwa mbali yoti ukumbe. Mu ampu muli magawo awiri, preamp komwe kuli gain ndi EQ, ndi power amp yomwe imakankha sipika. Yang'anani kumbuyo kapena kutsogolo ngati pali mabowo awiri olembedwa Send ndi Return, ena amalemba Preamp Out ndi Power Amp In.

Mabowo amenewo ndi amene amandibweretsera makasitomala ambiri. Mukapanda kulowetsamo kanthu, mawu onse ochoka ku preamp amadutsa pa kachitsulo kakang'ono kamkati mwa jack, komwe kamangogunda kanzake ndi mphamvu ya sipuling'i. Anthu ambiri sagwiritsa ntchito mabowowa, choncho kachitsuloko kamakhala zaka osasuntha, kamachita dzimbiri ndi fumbi. Mawu akadutsa movutika amatsika. Mukakoka nsambo mwamphamvu, siginolo yaikuluyo imaboola litsirolo kwa kanthawi, n'chifukwa chake amabwerera.

Chitani izi. Tengani kebulo yaifupi ya gitala, mulumikize Send ndi Return, muimbe nthawi yaitali ngati mmene mumachitira pa mapemphero. Vuto likasowa, mwampeza mfitiyo. Likapitirira, chotsani kebuloyo mulowetse bass yanu mu Return mwachindunji. Mawu adzakhala otsika chifukwa mwadumpha preamp, musadabwe, chomwe mukumvetsera n'chakuti akukhazikika kapena ayi. Akakhazikika, vuto lili ku preamp: input jack, mavoliyumu kapena solder yosweka. Akapitiriza kudukaduka, lili ku power amp kapena ku mawaya a sipika.

Ngati pali bowo la headphones, lowetsani ndi kutulutsa pulagi kangapo. Nalonso lili ndi kaswitchi kodula sipika, ndipo kamadwala matenda omwewo.

Zonsezi simukufunika kumasula sikuluu ngakhale imodzi.

Jahman_BT
Zambiri izi madala. Poperani WD-40 m'mabowo monse ndi m'maknob, mupotokole, nkhani yatha. Ine yanga ndinatero ndipo ikuimba mpaka lero.

Mmisiri_Mchesi
Jahman, WD-40 ya masiku onse ija ndi ya maloko ndi mabawuti. Imasiya mafuta, mafutawo amakoka fumbi, ndiye fumbi la mwezi wa October muno mukulidziwa. Poyamba zimaoneka ngati zatheka, pakapita miyezi knob imayamba kukanda kuposa kale. Chofunika ndi contact cleaner, sipureyi yotsukira pogundana zitsulo za magetsi, monga Servisol kapena DeoxIT. Kampani ya WD-40 yomweyo imapanganso contact cleaner yakeyake, botolo lina, zomwe zikusonyeza kuti iwonso akudziwa kuti ndi ntchito ziwiri. Komanso kupopera paliponse usanapeze vuto kumasokoneza kafukufuku. Chikachira sudziwa chomwe chachiritsa, chikabwerera umayambiranso pachiyambi.

Jahman_BT
Amisiri mumafuna chilichonse chizioneka chovuta kuti tizikubweretserani 😅 Yanga ikuimba, ndangonena zomwe ndinaona.

Sisi_Keys
Funso langa kwa a Nsambo4: kodi zimachitika nthawi iliyonse kapena ampu ikatentha? Kwathu ampu ya bass inkazima pakati pa praise, nthawi ya nyimbo zothamanga, kenako abusa akamalalikira n'kudzuka yokha. Atatsegula anapeza fani yaima, yadzaza fumbi ndi zamphemvu. Anangopukuta n'kusintha fani.

WaKuJoni
Asisi anena zoona, ndiwonjezere pa za kutenthazo. Kuno ndinaona band ina italumikiza mabokosi awiri a sipika ku head (ampu yopanda sipika yakeyake) imodzi kuti mawu akule. Bokosi lililonse linali la 4 ohms. Ukalumikiza awiri otero ku mabowo a kumbuyo kwa ampu, katundu amatsika kufika 2 ohms, pomwe kumbuyo kwa head kunalembedwa kuti minimum 4 ohms. Ampu inkakoka magetsi ambiri, kutentha, chitetezo chake chamkati (protection) n'kudula. Iwo ankati ampu ndi yabodza. Awiri a 8 ohms ndiwo amapereka 4.

China chomwe chimandiwawa ndikachiona: kebulo ya gitala kuigwiritsa ntchito kuchoka ku ampu kupita ku sipika. Kawaya kamkati mwake ndi kowonda, sikanapangidwire mphamvu imeneyo, kamatentha ndipo kakasungunuka kangathe kupha ampu. Mukatembenuzanso, kebulo ya sipika kuika pa gitala, ilibe shield, waya wokuta uja wotchinga phokoso, ndiye phokoso lake simungaimbe. Mapulagi amafanana maonekedwe, n'chifukwa chake anthu amangotola iliyonse m'chikwama.

Nsambo4
Bokosi lina sitilumikiza, ndi sipika yake yomweyo basi. Ndipo zimachitika ngakhale titangoyatsa kumene, ampu ikadali yozizira. Fani ikuzungulira. Send ndi Return zilipo kumbuyo, mawa madzulo tili ndi practice ndikayesa zomwe a Mmisiri anena.

Madala_Valavu
Ana inu mukuvutika chifukwa cha zinthu za masiku ano zomwe zonse anazimata pa bolodi imodzi. Ampeg SVT inatuluka mu 1969, ya mavalavu, 300W, ndipo zina za nthawi imeneyo zikuimbabe m'masiteji. Valavu ikatopa umazula n'kuika ina. Ngakhale Hartke HA3500 ija ili ndi kavalavu kamodzi ka 12AX7 ku preamp, kakayamba kuthetheka umasintha kokhako. Za leroli ikafa umangotaya.

Koma poti mwafunsa, onjezani ichi pa mndandanda. Ma ampu ambiri a transistor ali ndi relay, switch yodzitsegula yokha, pakati pa power amp ndi sipika, ija imalira kuti "tiki" pakapita masekondi angapo mutayatsa. Mano ake akapsa, imachita ndendende zomwe mukunenazi: ukaimba motsitsa mawu amaduka, ukamenya mwamphamvu amabwerera. Ndiye kebulo ya Send ndi Return ikapanda kuthandiza, musathamangire kunena kuti sipika.

Dhilu
Madala, SVT head yokha imalemera makilogalamu oposa 35. Muinyamule ndinu pa kabaza kupita ku crusade? Ndipo mavalavu ake asanu ndi limodzi a 6550 mukawagula kuti muno?

Madala_Valavu
Nyimbo yabwino imafuna msana wolimba mwana wanga.

KaDrummer
Chilungamo chake ma bassist ampu zanu zimafa chifukwa mumafuna kupikisana ndi ife. Gain mpaka kumapeto, bass knob mpaka kumapeto, kagetsi ka clip kali psuu nyimbo yonse.

Sisi_Keys
Inuyo a drummer musayankhule, ndinu amene mumachititsa aliyense kukweza. Mukanamamenya ngati muli m'tchalitchi osati ku stadium bwenzi tonse tikumvana.

KaDrummer
Nanga dzanja lanu lamanzere lija limalanda ntchito ya bass? Munthu wa bass amakweza chifukwa keyboard yadzaza kale pansi ponse.

Tiyeseko
Tabwererani ku nkhani anthuni, mwini funso sanathandizidwe za phokoso lija.

A Nsambo4, kung'ung'uzako mungathe kukuyeza ndi khutu lanu lomwe. Magetsi athu ndi a 230V pa 50Hz. Mukadina fret yachitatu pa nsambo ya E mumapeza G ya pafupifupi 49Hz, ndipo nsambo ya G yosadina ndi 98Hz. Ndiye mvetserani phokosolo mulifanizire. Likakhala pansi, pafupi ndi G ya pa fret yachitatu, nthawi zambiri ndi lochokera kunja: earth, makebulo, kapena mapickup akutola za mumpweya. Likakhala pafupi ndi nsambo ya G yosadina, 100Hz, ndipo likumvekabe mutazula bass n'kutsitsa master mpaka ziro, pamenepo kayikirani ma capacitor akuluakulu a power supply. Rectifier, yomwe imasandutsa magetsi a kukhoma (AC) kukhala DC, imapangitsa kugunda kuwiri pa kuzungulira kulikonse kwa magetsi, n'chifukwa chake nambala imawirikiza. Ma capacitor akauma kapena solder yawo ikasweka, amalephera kusalaza kugundako.

Komanso poti bass yanu ndi ya mtundu wa Jazz, dziwani kuti pickup iliyonse payokha ndi single coil, imatola phokoso mwachibadwa. Mukatsegula mavoliyumu onse awiri mofanana, awiriwo amafafanizirana phokosolo. Mukatsitsa imodzi limabwerera. Si kuwonongeka ayi, ndi mmene inapangidwira chiyambire 1960. Precision Bass anaipatsa pickup yogawika pakati mu 1957, n'chifukwa chake ija imakhala chete. Yesaninso kutembenuka muli chiimire bass ili m'manja. Phokoso likamasintha ndi komwe mwayang'ana, likulowera m'mapickup, ndipo gwero lake lingakhale transformer ya ampu yomweyo ngati mwaima pafupi kwambiri, magetsi a LED, kapena tchaja ya laputopu.

Jahman_BT
Ya hum yo ndi yosavuta. Masulani waya wa earth mu pulagi, phokoso limatheratu. Ma DJ ambiri amatero.

WaKuLeeds
Ayi ayi ayi. A Nsambo4 chonde musayerekeze. Waya wa earth ndi amene amaonetsetsa kuti waya wa moto ukagunda chitsulo cha ampu, fyuzi ipse m'malo mwa munthu. Nsambo za bass yanu zimalumikizana ndi bridge, bridge ndi shield ya kebulo, shield ndi chitsulo cha ampu. Mukachotsa earth, chinthu chikalakwika mkatimo 230V imadikira pa nsambo, ndipo njira yake yopita pansi ndi inuyo, makamaka mukagwira maikolofoni ndi dzanja linalo kapena milomo ikagunda.

Si nthano. Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yomwe inalibe earth yabwino. Keith Relf, yemwe anali woimba wa Yardbirds, anafa mu 1976 atagwidwa ndi magetsi akuimba gitala kunyumba kwake. Ife timaimba pa simenti, nthawi zina panja pa udzu wonyowa, thukuta lili thupi lonse. Jahman, nkhani ya sipureyi tingatsutsane mpaka mawa, koma iyi ayi.

Jahman_BT
Chabwino akulu, ndamva. Nanga batani lolembedwa Ground Lift lija analiikira chiyani ngati kuchotsa ground n'koopsa?

Mmisiri_Mchesi
Funso labwino limenelo. Ground Lift ya pa DI, pomwe mawu a bass amatulukira kupita ku mixer, siikhudza earth ya magetsi. Imangodula pin 1 ya XLR, shield ya kebulo yopita ku mixer. Ampu ndi mixer zikakhala pa masoketi osiyana, zonse zili ndi earth, kenako n'kuzilumikizanso ndi kebulo ya mawu, pamakhala njira ziwiri zopita pansi ndipo kamphamvu kochepa kamazungulira m'menemo n'kumveka ngati hum. Batani lija limadula njira ya mawuyo, chitetezo cha ku pulagi chimakhalabe. Kumasula waya mu pulagi kumadula njira yolakwika.

Ndipo amene mukufuna kutsegula ampu, ma capacitor aja amasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Mu ampu ya 200W mungapeze 50V kapena kuposa mbali iliyonse, mu za mavalavu za madala aja ndi mazanamazana. Ife tikamafufuza solder yosweka timagogoda bolodi ndi kamtengo kouma ampu ikulira, dzanja lina lili kumbuyo. Sikuludiraiva ayi.

Nsambo4
Ndabwera ndi lipoti. Tisanayambe practice ndinaimba kaye osasintha kanthu, mawu anatsika monga mwa masiku onse. Ali chitsikire choncho, ndinalowetsa kakebulo mu Send ndi Return. Nthawi yomweyo anabwerera, ndiponso akumveka okwera kuposa mmene ndinazolowera, mpaka ndinatsitsa master. Practice yonse sanatsikenso. Pomaliza ndinazula kakebuloko kuti ndione, ndipo posakhalitsa kuthetheka kunayambiranso. Sipika ilibe mlandu.

Za phokoso ndi zina. Nditazula bass n'kutsitsa master, kumatsala kamphepo kochepa kwambiri ka sss, koma mmmm kulibe. Ndikalumikiza bass limabwera, ndipo ndi lapansi, lofanana ndi G ya fret yachitatu monga anenera a Tiyeseko. Ine ndimakonda kuimba ndi pickup ya ku neck yokha. Nditatsegula onse awiri linachepa, koma silinathe. Ndikagwira nsambo limachepanso. Chodabwitsa n'chakuti tikalumikiza DI kupita ku mixer limatsika kwambiri, tikazula limakwera. Ndimayembekezera kuti zikhala mosemphana. China, woimba wathu wina akuti maikolofoni imamuluma milomo akagwira bass yanga.

Dhilu
Ndiye akomiti akanagula sipika ya 15 inch chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati chikhadabo.

Mmisiri_Mchesi
Za mawu otsika zatheka, ndi jack ya Send ndi Return ija. Koma chiganizo chanu chomalizacho ndi chimene chandidetsa nkhawa, ndipo chikugwirizana ndi zomwe mwadabwa nazozo. Ngati phokoso likutsika mukalumikiza DI, ndiye kuti ampu yanu ilibe earth yakeyake, ikubwereka ya mixer kudzera pa shield ya XLR. Kawaya kameneko sikangateteze munthu. Kulumako ndi kamphamvu kodontha komwe kakusowa njira. Ndipo pamenepa musadine Ground Lift, mungadule ngakhale earth yobwerekayo.

Musayimbirenso mpaka mutayeza izi, zonse mutazula kukhoma. Ikani mita pa ohms. Kuchoka pa phini lalitali la pulagi ya ampu kufika pa sikuluu ya chitsulo cha ampu, muyenera kupeza pansi pa 1 ohm. Kenako yezani ekisitenshoni, kuchoka pa phini lalitali la pulagi yake kufika pa bowo lapamwamba la soketi iliyonse. Ma ekisitenshoni ambiri otchipa ali ndi mapini atatu kunja koma mkati muli mawaya awiri okha. Zonsezi zikakhala bwino, itanani wa zamagetsi ayeze soketi ya kukhoma, chifukwa nyumba zina earth inathera pa pulani.

Zoti phokoso limachepa mukagwira nsambo, zimenezo n'zachibadwa, zikusonyeza kuti waya wa ku bridge uli bwino.

WaKuJoni
Onaninso pulagi yeniyeniyo. Katundu wochoka kuno amabwera ndi pulagi ya mapini atatu ozungulira, pomwe kumudzi masoketi ndi a mapini amakona ngati a ku Britain. Anthu amagula ka adaputa kosagwira phini la earth, kapena amadula pulagi n'kusomeka mawaya awiri mu soketi ndi kamtengo ka machesi. Za ku Europe za mapini awiri nazonso earth yake imakhala m'mbali mwa pulagi, mu soketi yathu siigunda chilichonse. Dulani muike pulagi yoyenera ya mapini atatu, ndi fyuzi yake.

Sisi_Keys
Nanga tikakhala pa jenereta? Magetsi akazima ife phokoso limawirikiza, keyboard yanganso imayamba zachilendo.

Tiyeseko
Majenereta ang'onoang'ono ambiri voteji yake imasewera katundu akamasintha, ndipo kawirikawiri anthu sakhomera ndodo ya earth. Bass ikagunda limodzi ndi kick, voteji imagwa, ampu imafooka kapena protection imadula. Musaike ketulo kapena ayironi pa jenereta yomwe ikuyendetsa zida. Koma asisi tsegulani mutu wakewake, imeneyo ndi nkhani yaitali.

Nsambo4
A Mmisiri munalondola. Ampu payokha yapereka 0.4 ohms kuchoka pa phini kufika pa chitsulo, ili bwino. Ekisitenshoni ndiyo mita sinasunthe n'komwe. Titaimasula tapeza mawaya awiri, phini la earth silinalumikizidwe ku kanthu. Tagula waya wa 3 core ndi soketi yabwino, m'bale wina wa zamagetsi wa mumpingo momwemo watipangira ina, wayezanso kukhoma ndipo akuti earth ilipo. Kuluma kwatha. Titalumikiza DI kunabwera ka hum kena kochepa, ndipo apa Ground Lift inakachotsa. Katsala ndi kaja ka pickup ya ku neck ndikaitsegula yokha, koma band ikayamba sikamveka.

Funso lomaliza: kakebulo ka Send ndi Return kaja ndingakasiye momwemo mpaka kalekale, kapena jack isinthidwe?

Madala_Valavu
Kasiyeni. Ndikudziwa ma ampu omwe akhala ndi kakebulo kotero zaka zambiri.

Mmisiri_Mchesi
Kungathe kukhala, sikuwononga kanthu, bola kakhale kafupi ndi ka shield, ndipo muuze anzanu asakazule poyesa kuti ndi kotsala. Ngati mukufuna kukonzeratu, zulani ampu kukhoma, poperani contact cleaner pang'ono pa pulagi osati kuthira m'bowo, mulowetse ndi kutulutsa kambirimbiri m'mabowo onse awiri, mudikire iume musanayatse. Likabwereranso ndiye kuti sipuling'i yatopa, jack isinthidwe. Pokagula mutenge yakaleyo m'manja, chifukwa imafunika ya switch ndipo miyendo yake iyenera kugwirizana ndi mabowo a pa bolodi. Wosinthayo awotchererenso miyendo ya input jack ali momwemo, imasweka ndi kugwedezeka kwa sipika.